Chigoba cha Nakhaki m'Filiji ya Amayi

Ndikukumbukira nyumba ya aphunzitsi imene tinkakhala kufupi ndi pa Nsipe, yachitatu kuchokera pamjigo, ya malata amene dzimbiri linali litawadya m'mbali. Inali ndi zipinda ziwiri zogona, pabalaza, ndi kachipinda kena kosungiramo katundu, kokhala ndi kawindo kamodzi m'mwamba. M'kachipindako munkakhala zinthu ziwiri zimene amayi ankati Mulungu sanafune kuti zigone pamodzi: filiji yawo ndi njoka ya bambo.

Filijiyo inali yaikulu, yotsekula pamwamba, ndipo ndiyo inkatipezetsa sopo ndi mchere mwezi ukatalika. Amayi ankapanga mafirizi a malambe ndi a bwemba, n'kumagulitsa kwa ana asukulu pa buleki, otsala n'kupita nawo pamsika m'mbali mwa msewu. Ukaitsekula munkatuluka nthunzi yozizira yonunkhira malambe. Mwezi wa Okutobala ine ndinkakonda kulowetsamo mutu wonse mpaka amayi andikalipire kuti ndikuwathera magetsi.

Njokayo inali chakusa, ija yofiirira ya timizere tiwiri toyera m'mbali mwa mutu, imene imalowa m'nyumba kusaka makoswe. Ilibe ululu. Bambo anali mphunzitsi wa Bayoloje pasekondale yoyendera, ndipo mawu amenewa, akuti ilibe ululu, anawanena kambirimbiri mpaka anthu anatopa kuwatsutsa, ngakhale panalibe anawakhulupirira. Anaipeza ana asukulu ataitema ndi khasu polima kumunda wa sukulu. Msana unathyoka chakumchira n'kupola mokhota, choncho inkayenda mokoka thupi. Bambo anati kutchire siingathe sabata, kabawi angaitole. Anaikhomera bokosi lamatabwa, kutsogolo galasi, pamwamba sefa, mkati utuchi, kambale kamadzi ndi phale lamphika loti izibisalamo. Anaipatsanso mfunda ngati munthu. Popeza khungu lake linkafanana ndi yunifolomu ya apolisi, anaitcha Nakhaki. Amayi dzinalo sankalitchula. Iwo ankangoti chinthu chanucho.

Kwathu munthu woweta njoka sapatsidwa dzina labwino, zimenezo mukuzidziwa. Azimayi odzapikula mafirizi ankaima kutali ndi khonde n'kumaodira mokweza. Azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo amene ankakhala ku Tsangano, atabwera kudzationa anangoliona bokosilo n'kunyamula chikwama chawo kukagona kwa aneba. Mmawa anatsazika ali pabwalo. Anati munthu wopemphera saweta njoka, ndipo tsiku lina tidzawakumbukira.

Ine Nakhaki ndinkamukonda, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinali mwana mmodzi m'nyumbamo, wopanda mng'ono woti ndizimuvutitsa. Bambo akamutulutsa ndinkatambasula mkono, iye n'kudzizinga pang'onopang'ono, wouma, wosalala, wozizira, lilime likundigunda pakhungu. Pakapita kanthawi ankafunda ndi kutentha kwa mkono wanga, ndipo ankatha kukhala choncho ine ndikulemba masamu ndi dzanja linalo.

Tsiku lomudyetsa lokha ndilo ndinkadana nalo. Linkabwera pakatha masabata awiri alionse. A Dzonzi, bambo wachikulire amene ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu, ankatisungira kapuku mmodzi wamoyo m'chitini choboolaboola. Musandiyese wachifundo. Ndine mwana wa ku Ntcheu, mbewa ndimadya ndi ubweya womwe, kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo mpaka lero basi ikaima pa Nsipe khosi langa limatuluka pawindo lisanandifunse. Koma mbewa ya pamsewu siilira. Kapuku wamoyo akaponyedwa m'bokosi ankayamba wadzipesa ndevu pakona, osadziwa kanthu. Kenako Nakhaki ankamuzinga, ndipo pankamveka kulira kamodzi kokha, kakang'ono. Ine ndinkakhala nditathawira kale kuseri kwa bafa, zala zili m'makutu, koma ndinkakumvabe, ndipo kunkanditsatira mpaka kusukulu mawa lake. Bambo, amene ankandiseka pa chilichonse, pa chimenechi sanandisekepo.

Nyengo yamvula mbewa zimasowa, udzu umakhala utatseka mauna. Bambo ankatchera msampha wawaya kukhitchini ya sukulu n'kumagwira timakoswe tating'ono. Ndili Sitandade 6, mwezi wa Febuluwale, msamphawo unagwira khoswe wamkulu kuposa nthawi zonse. Nakhaki anali atakhala nthawi osadya, ndiye bambo anangoti tiyese. Khosweyo sanadzipese ndevu. Analumphira njoka n'kuiluma pamwamba pa diso lakumanzere, ndipo pamene bambo ankamutulutsa anawalumanso chala. Chala cha bambo chinapola. Diso la Nakhaki linayera mbee, silinaonenso.

Bala litauma bambo anatiitana pabalaza, ine ndi amayi, ngati pali nkhani yaukwati. Anati Nakhaki sangalimbanenso ndi chamoyo, ndipo kutchire sangabwerere. Njira inatsala imodzi: aphunzire kudya mbewa yakufa. Mbewazo tizisonkhanitsa m'chilimwe zikachuluka, tiziumitsa m'filiji kuti zitifikitse m'dzinja, kuzizirako n'kumaphanso tizilombo ta m'thupi mwake. Anawonjezera kuti njoka yobadwira kutchire imavuta kusintha, zina zimakana mpaka kufa. Ndinafunsa kuti nanga Nakhaki akakana. Bambo sankanamiza ana. Anati ndiye kuti tidzamupha ife tomwe, msanga, njala isanamuzunze.

Amayi anamva mawu amodzi okha pa nkhani yonseyo, akuti filiji. Anakangana masiku atatu. Vuto silinali mbewa ayi, chifukwa ogula mafirizi onsewo mbewa ndi ndiwo kwawo. Vuto linali mwini wake wa mbewazo. Amayi ankati zikangomveka kuti mafirizi awo amagona ndi chakudya cha njoka, ndiye kuti malonda athera pomwepo. Tsiku lachitatu anavomera mwadzidzidzi, mpaka ine ndinadabwa, koma anaika malamulo. Mbewazo zikhale m'chigoba cha majarini chotsekedwa bwino, chigobacho chikulungidwe m'majumbo awiri, chikhale pansi penipeni pakona yakumanzere, ndipo iwo sadzachikhudza mpaka tsiku la imfa yawo.

Nthawi yomweyo bambo anali atapita ku Blantyre kawiri, ine n'kundiuza kuti ndi za mayeso. Lamba wawo anamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali wotentha. Ndinaziona, koma ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinangoganiza kuti lambayo watanuka.

Nakhaki anadya kapuku wamoyo womaliza mu Epulo, wamng'ono kwambiri, bambo ali chilili ndi ndodo pambali. Anthu atakolola, a Dzonzi anayamba kutibweretsera zakufa, zosatumbula, zosaphika. Ankapukusa mutu popereka, amvekere sukulu ikachuluka munthu amawononga ndiwo.

Ntchito yophunzitsayo bambo sanaigwire ndi manja awo ngakhale tsiku limodzi. Ankakhala pampando pakhomo la kachipindako, ine n'kumachita. Ndinkatulutsa mbewa imodzi m'chigoba, yolimba gwa, ubweya uli ndi ayezi, n'kuiika m'pepala la shuga, kumanga, n'kuiviika m'kapu yamadzi ofunda. Osati otentha. Madzi akazizira ndinkasintha, kawiri kapena katatu. Kenako ndinkadina pamimba ndi chala chachikulu kuti ndimve ngati mkati mwatsala polimba, chifukwa mbewa yofunda kunja koma youndana mkati imatha kupha njoka. Pomaliza ndinkaigunditsa patsaya panga. Bambo ankati ifunde monga chimafundira chinthu chamoyo, osapitirira, osaperewera, ndipo pathupi lamunthu malo amene amadziwa bwino zimenezo ndi tsaya. Ndikakhutira ndinkaipana chakumchira ndi mpani, nsungwi yong'alula ija amapanira mbewa zogulitsa, n'kuilowetsa m'bokosi n'kumaigwedeza pang'onopang'ono pautuchi kuti izioneka ngati ikuyenda.

Nakhaki ankatulutsa mutu m'phale, lilime likugwira ntchito. Ankabwera pafupi, kuzungulira kuti aione ndi diso labwinolo, kuinunkhiza kumutu ndi kumchira. Kenako ankatembenuka n'kubwerera m'phale mwake. Mbewa ikasungunuka siibwereranso m'filiji, choncho inkapita kwa mphaka wa aneba, amene m'miyezi imeneyo ananenepa mochititsa manyazi.

Meyi anatha, Juni anatha. Bambo ankati ndisadandaule, nyengo yozizira njoka sizidyaidya, koma ndinkawaona akulemba timizere pakalendala. Iwonso chakudya chinali chitayamba kuwakana. Ankatema mbamu imodzi, kutafuna nthawi yaitali, n'kusamba m'manja. Amayi anayesa zonse: therere, nkhwani zotendera, nkhunda, phala lampunga lothira mandimu. Mbale zinkabwerera kukhitchini monga zinapitira. Ndipo anthu anayamba kulankhula. Mtsikana wina m'kalasi mwathu anandiuza pamaso kuti amayi ake akuti njoka ikasiya kudya mbewa ndiye kuti yayamba kudya mwini wake. Ndinamung'ambira diresi, ndinakwapulidwa, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Kumayambiriro kwa Ogasiti bambo anagonekedwa kuchipatala cha paboma. Amayi anapita nawo kukakhala gadiyani, n'kumabwera kunyumba pakapita masiku kudzachapa ndi kudzatenga ufa. Ine ankandiyang'anira ndi mkazi wa mphunzitsi wa nyumba yoyandikana nafe, koma m'kachipinda muja ndinkalowa ndekha. Nakhaki anali ataonda. Khungu linapanga makwinya m'mbali, ndipo fupa la msana linkaoneka kuyambira kukhosi mpaka pamene panakhota paja. Ndikamunyamula ankangolendewera, osandizinganso.

Tsiku lina ndinakhala pansi n'kuganiza mwanzeru zanga zonse. Ndinadzifunsa kuti ndani angadye mbewa yaiwisi, yonyowa, yopanda mchere. Ine sindingadye. A Dzonzi sangadye. Amayi munthu akataya chilakolako amamukonzera chakudya chokoma kuposa nthawi zonse, ndiye mwina bambo ndi mabuku awo anaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa pa Nsipe amadziwa. Ndinatulutsa mbewa ziwiri zonenepa. Ndinazitumbula bwinobwino, kuziwiritsa ndi mchere mpaka madzi ataphwa, n'kuziwamba pambaula kuti ziume. Fungo linadzaza nyumba yonse. Ndinapana imodzi pampani n'kukamupatsa Nakhaki ndi manja awiri, monga timaperekera kwa alendo.

Sanatulutse ndi mutu womwe. Analowa mkati mwenimweni mwa phale mpaka mchira sunaonekenso.

Amayi anandipeza pomwepo, nditagwada patsogolo pa bokosi, mpani uli m'manja. Anali atangotsika minibasi, beseni la zovala za bambo lili pamutu. Anayang'ana mbewa, anayang'ana mbaula, n'kundifunsa ngati tsabola ndathiramo. Kenako anaseka. Ndinali ndisanawamve akuseka kuyambira nthawi yokolola. Anatula beseni n'kukhala pansi pakhomo pomwepo, kuseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo sindinaone pamene kusekako kunasanduka kulira. Mbewa ziwirizo tinadya ife, imodzi iwo, imodzi ine, tonse misozi ikutsika.

Loweruka lotsatira ananditenga kukaona bambo. Muwodimo munkanunkha mankhwala otsukira pansi ndi nthochi zakupsa. Bambo anali atachepa pabedi moti ndinayamba ndayang'ana bedi lina. Amayi anawafotokozera za mbewa yamchere ija, ndipo anaseka mopanda mawu, mapewa okha akugwedera. Atapuma anandipatsa malangizo ena. Anati ndikapemphe a Dzonzi kuti akamakumba anditengere udzu wa m'chisa cha mbewa, uja umanunkha mkodzo wake, ndizipukutira mbewa yosungunukayo. Ndizidikira dzuwa lipendeke. Ndikagwedeza pang'ono ndiziisiya pakhomo la phale, kufunditsa bokosi ndi thumba, ine n'kutuluka.

"Vuto lako umamuyang'anitsitsa," anatero. "Wodwala zimamuvuta kumeza wina atamuimirira pamutu."

Ponena zimenezi anaponya diso kwa amayi, amene anali chilili ndi kapu yaphala ndi supuni. Amayi anangoti tsonyo, n'kuika kapuyo pakabati, n'kutuluka kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Bambo anandikodola kuti ndisendere. Dzina langa ndine Esnati, koma nkhani ikakhala yaikulu ankanditchula mfunda.

"Nangozo, ukuganiza kuti zonsezi n'chifukwa cha khoswe uja? Khoswe anangondifulumizitsa. Iwe sungaponye kapuku wamoyo m'bokosi, ndimakudziwa. Amayi akonso sangathe. Ndikufuna Nakhaki azidya chimene dzanja lako lingathe kumupatsa, ine kulibe."

Ndinawafunsa kuti iwo akhala ali kuti. Anandiyang'ana nthawi yaitali, munthu wosanamiza ana uja, n'kungondikonza kolala ya diresi. Kenako anati mvula yoyamba ikagwa Nakhaki asanadye, ndikaitane a Dzonzi, iwo akudziwa chochita, anawauza kale.

Udzu uja a Dzonzi anandipatsa m'pepala la nyuzi, osandifunsa funso, osapukusanso mutu. Ndinayesa koyamba, Nakhaki anakana. Ndinadikira masiku asanu ndisanayesenso. Apa n'kuti Sepitembala ali pakati, kunja kutayamba kutentha, utsi wa moto wa osaka mbewa uli tolo m'mapiri. Linali Lachisanu. Dzuwa litapendeka ndinasungunula kapuku wamng'ono, kudina pamimba, kuyesa patsaya, kumupukuta ndi udzu mpaka manja anga ananunkha. Ndinamugwedeza pautuchi katatu kokha, n'kumusiya pakhomo la phale. Ndinafunditsa bokosi ndi thumba la feteleza, kutseka chitseko, n'kukakhala pakhonde. Ndinadziuza kuti sindilowa mpaka padutse maminibasi khumi pamsewu. Atadutsa khumi ndinachita mantha, ndinawonjezera khumi ena.

Nditavundukula thumba, pakhomo la phale panalibe kanthu. Nakhaki anali atatambalala m'mbali mwa galasi, khosi litatupa, kamchira ka kapuku kali lende pakamwa. Ndikuyang'ana choncho kamchirako kanalowa. Panalibe chimene chinalira. Ndinakhala pansi pasimenti, msana nditatsamira filiji, ndipo ndinasangalala mosadziwa kuti ndiuze ndani, chifukwa m'nyumba monse ndinali ndekha.

Mmawa amayi anabwera ndi minibasi yoyamba. Sanatenge beseni. Anangoti ndivale msanga, bambo akundifuna. Njira yonse ndinkawafotokozera za thumba, za udzu, za kamchira, iwo akungoyang'ana pawindo. Ndinawakwiyira mumtima kuti ngakhale lero lokha sangasangalale nane.

Ndinalowa muwodi ndikuthamanga. Bambo anali atatseka maso, milomo itauma. Ndinawerama pakhutu pawo n'kuwauza kuti Nakhaki wadya. Maso anatseguka pang'onopang'ono.

"Unayesa pati?"

"Patsaya."

"Pamimba unadina?"

"Ndinadina."

"Wakhoza, Nangozo."

Ndinawagwira dzanja. Linali lozizira. Mosaganiza ndinachita zimene manja anga anazolowera miyezi yonse ija: ndinalifumbata pakati pa zikhato zanga, kulipukuta, kulipumira mpweya, kenako n'kuligunditsa patsaya. Linali litafunda. Koma tsaya langa bambo anali ataliphunzitsa bwino kwambiri. Linkadziwa kufunda kochokera mkati mwa chinthu, linkadziwanso kufunda kongopatsidwa, kumene kumatha ukangochiika pansi. Kufunda kwa dzanja lija kunali kwanga. Palibe anandiuza kanthu, adokotala kapena amayi, koma ndinadziwira pomwepo. Sindinalisiye dzanjalo mpaka masana, pamene anamwino anabwera kudzatchinga bedi ndi nsalu.

Tinakawaika kwawo ku Tsangano, kumphepo, pakati pa minda ya mbatatesi. Za malirowo ndimakumbukira zochepa. Chimene ndimakumbukira bwino ndi tsiku limene azakhali anabwera pa Nsipe ndi abale ena kudzaona za katundu, pakuti nyumba inali ya sukulu ndipo tinayenera kutulukamo. Atamaliza za njinga, wailesi ndi mabuku, azakhali anatuma munthu kuti akatenge palafini. Anati chimene chadya mlongo wawo chili m'nyumba momwemo, chanenepa tsopano, ndipo chiwotchedwe ndi bokosi lake lomwe anthu onse akuona. Azakhali sanali munthu woipa. Ndiwo ankabereka bambo kumbuyo ali khanda, ndipo maso awo anali otupa kuposa athu. Koma ine tsiku limenelo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawaluma.

Sindinafunike kutero. Amayi, ali ndi mpango wakuda kumutu, ananyamuka pamphasa n'kukaima pakhomo la kachipinda kaja. Sanakweze mawu.

"Alamu, mwamuna wanga ndamusambitsa ndekha mwezi ndi theka. Chimene chamupha adokotala anandionetsa pachithunzi, ndinachiona ndi maso angawa, ndipo sichinali m'bokosi. Njinga tengani, wailesi tengani. Ichi anasiyira mwana."

Azakhali anati ndiye kuti amayinso akudziwapo kanthu. Mawu amenewo ndi olemera kwathu, ndipo mkazi wamasiye akawasenza samutsika msanga. Amayi anawamva, anawameza, koma pakhomopo sanasunthe. Palafini anabwerera m'botolo lake. Azakhali sanatilankhulenso kwa zaka zambiri.

Tinasamukira kumudzi kwa amayi, kwa Champiti, kumene kunalibe magetsi. Filiji inagulitsidwa kwa mayi wina wogulitsa nkhuku pa Nsipe. Tsiku limene anadzainyamula ine ndinali kusukulu, ndipo nditamva ndinalira kuposa mmene ndinalirira potuluka m'nyumba. M'chigoba muja munali mbewa zokwanira dzinja lonse, zimene ndinasonkhanitsa ndi bambo. Mvula inali pafupi. Ndinaona kuti zonse zapita pachabe: Nakhaki waphunzira kudya za m'filiji, filiji n'kuchoka. Amayi anangopitiriza ntchito zawo, ndipo ndinaganiza kuti mphamvu zawo zonse zinathera pakhomo paja.

Patatha masiku angapo anapita pa Nsipe wapansi kukagulitsa tomato. Ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka. Anabwerako dzuwa litapendeka, fumbi lili mpaka m'mawondo. Anatula dengu, n'kundiitanira kuseri kwa nyumba kumene tinaika bokosi. Anamasula chitenje m'chiuno, n'kutulutsa kajumbo kamene anali atakapanikiza pamimba pawo njira yonse. Anandipatsa nkhope atayang'ana kumbali.

"Nayi ya Nakhaki. Yesa patsaya, ndikuona ngati yafunda kale."

Inali itafunda ndendende. Kenako ndinamva kuti pogulitsa filiji anagwirizana ndi mayi uja kuti kona yakumanzere ikhalabe yathu. Anamuuza kuti m'chigobamo muli mbewa za mwana wawo, ndipo limenelo silinali bodza. Kuyambira pamenepo, pakatha masabata awiri alionse, mvula kaya dzuwa, amayi ankabwera ndi kajumbo m'chiuno. Nakhaki anakhala zaka zina zisanu. Anafa ndili kusekondale, atanenepa, ndipo ndinamukwirira pansi pa nthochi.

Lero zinthu zasintha. Kumudzi kuja magetsi anafika, ndipo pafupifupi golosale iliyonse ili ndi filiji. Ine ndili ndi yanga kuno ku Balaka, yodzaza ndi nkhuku ndi madzi akumwa. Mwana wanga wamkazi amandionetsa pafoni anthu akumaiko ena oweta njoka, amene amagula mbewa zoyera zoundana kale m'mapaketi, ndipo mwanayo amadabwa ndikamawakonza kuti madzi awo atentha kwambiri. M'matauni akuti njoka ikalowa m'nyumba ena amaimbira foni odziwa kugwira. Kwathu ambiri akadathamangirabe ndodo, ndipo chakusa akufabe chifukwa cha milandu ya mamba.

Amayi akalamba, ndimakhala nawo. Njoka amaziopabe monga kale. Mwezi watha anakuwa ataona payipi yothirira maluwa, mpaka aneba anabwera ndi miyala. Titatha kuseka ndinawafunsa funso limene ndinalisunga zaka zonsezi, kuti munthu wamantha chotere ankatha bwanji kuyenda ola ndi theka mbewa ya njoka ili pamimba. Ndinkayembekezera kuti anena kuti ankachitira ine.

Anatola mtedza wina n'kuusenda. Kenako anati ankanyansidwa nayo njira yonse, ndipo akafika ankasamba kawiri.

"Koma bambo ako ndinalephera kuwadyetsa, Esnati. Phala lonse lija linkabwerera m'kapu. Ndiye ndinati chimene anasiyachi, chokhachi chizidya."

Anapitiriza kusenda mtedza wawo. Ine ndinalowa m'nyumba kukatereka madzi a tiyi, ndipo ndinakhalitsa kukhitchiniko.